Manasseh Wapita Kuntchito

Mlongo wanga Manasseh amapanga magemu a pafoni. Ndaneneratu kuti tisavutane, chifukwa anthu ambiri ndikawauza amagwedeza mutu ngati amva, kenako n'kufunsa kuti nanga ntchito yake yeniyeni ndi yotani. Ntchito yake ndi yomweyo. Pakampani yawo alipo anayi, bwana wawo ndi mtsikana wa ku Ndola dzina lake Gwen, ndipo gemu yawo imatchedwa Kwerani Tipite. Umayendetsa minibasi kuchoka ku Kitwe kupita ku Ndola, ukunyamula anthu, ukuzemba maenje, kondakitala akukuwa pakhomo. Ine ndinaiyesapo kamodzi, ndinagwetsera basi mumtsinje wa Kafue ndi anthu onse, ndipo sindinaigwirenso.

Ine ndine Tinenenji, woyamba kubadwa. Ndimasoka zovala pakhonde la nyumba yathu ku Kamitondo, komwe timakhala atatu, ine, Manasseh ndi amama. Atate anatisiya kale. Korona itavuta, ofesi ya a Manasseh m'tauni inatsekedwa, aliyense anauzidwa kuti azigwirira ntchito kwawo. Mnyamata anafika ndi laputopu, mpando wozungulira ndi mahedifoni aakulu otseka makutu onse, akusekerera kuti tsopano apuma zothamangira basi m'mawa. Tebulo lake analiika pabalaza, pafupi ndi zenera, pomwe aliyense wolowa pageti amayamba kuona. Ndinamuuza kuti pamenepo si pabwino, iye anati ndi pomwe netiweki imagwira.

Muwamvetse amama. Kwa iwo munthu wapantchito ndi amene wasamba m'mawa, wavala nsapato, watsazika n'kutuluka pageti. Atate ankachita choncho zaka zonse ali kumgodi. Koma munthu amene wakhala pabalaza atavala kabudula, maso ali pa kabasi kothamanga pagalasi la laputopu, ameneyo ali pakhomo, ndipo mwana amene ali pakhomo amatumidwa. Sankamutuma mwankhanza, ayi. Ankamuuza bwinobwino kuti akatha kusewerako akagule makala, kapena akaone ngati madzi abwera pampope, kapena awathandize kusuntha kabati imene yakhala pamalo amodzi chibadwire ine. Manasseh ankavula mahedifoni n'kunyamuka.

Zimenezo zinali zazing'ono. Chachikulu chinali mpingo. Amama ndi a Chigwirizano ku Reformed, ndipo nthawi imeneyo mapemphero ambiri anali atasamukira pa WhatsApp. Tsiku lina anangotchula pagulu lawo kuti mwana wawo ali pakhomo ndipo amadziwa mafoni. Basi, anatiitanira msonkhano. Anayamba kufika akulu a mpingo, amayi a Chigwirizano, ngakhale ena amene sitinawaonepo kutchalitchi, aliyense ndi masiki pakamwa ndi foni m'dzanja. Wina mawu sakumveka, wina foni yadzaza ndi zithunzi za maluwa, wina waiwala pasiwedi imene anamuikira mdzukulu amene ali ku Katete.

Tsono Manasseh analeredwa bwino, ndiye vuto lake. Mlendo akafika ankatuluka, kumuikira mpando pansi pa mtengo wa mapeyala, kumufunsa za kunyumba mpaka za kumudzi, kukonza foniyo, kenako kumuperekeza. Kwathu mlendo sumusiya pageti, umapita naye mpaka pakona, ndipo ngati ali wamkulu umapitirira pang'ono. Pobwerera ankakhala pampando wake wozungulira uja n'kumangoyang'ana galasi, ataiwala pomwe anasiyira. Asanakumbuke, geti linkaliranso.

Pamenepo n'kuti kampani yawo italonjeza anthu osewera kuti pofika Isitala itulutsa zatsopano zowonjezera mu gemu, zomwe iwo amati apudeti. Munayenera kukhala msewu watsopano wolowa ku Mushili, wa nthawi ya mvula, wamatope. Isitala inafika n'kudutsa. Gwen analemba zopepesa pa Fesibuku n'kutchula tsiku lina, nalonso linadutsa. Anthu anayamba kutukwana m'Chibemba ndi m'Chizungu momwe. Wina analemba kuti mwana wake amene anabadwa tsiku la lonjezo loyamba wayamba kale kukwawa. Anzake a Manasseh anali atamaliza mbali zawo, ngakhale wojambula zithunzi amene amakhala ku Ipusukilo pakati pa phokoso la msika. Kunatsala mbali ya mlongo wanga yokha. Basi ikangolowa m'matope inkamira, anthu onse n'kutulukira padenga ali chikhalire, kondakitala n'kumapitiriza ulendo yekha m'malere.

Tsiku lina mu Juni, kukuzizira koopsa, Gwen anaimba. Ndinamva zonse chifukwa mashini anga ali kuseri kwa zenera lomwelo. Sanakuwe mtsikanayo, ndipo n'zimene zinandiopsa. Anati wamuikira kumbuyo mokwanira, anzake atopa, ndipo ngati mbali yake siifika pofika Lachisanu la sabata yotsatira pa sikisitini awazi, ndiye kuti folo koloko madzulo, apereka ntchitoyo kwa munthu wina pamodzi ndi malo ake omwe. Manasseh ankangoti inde ba Gwen, ndamva ba Gwen. Foni itangoduka, amama anaitana kukhitchini kuti mchere watha. Ndipo munthuyo, amene anali atangouzidwa kumene kuti ntchito ikutha, anadzuka n'kuyamba kufunafuna masilipasi.

Ndinapsa mtima, mwandi. Ndinamutsatira mpaka panjira n'kumufunsa ngati mutu wake ukugwira. Anati amama anawauza kale kangapo kuti ali pantchito. Ndinali nditamumva mmene amawauzira. Amanena akuseka, akukanda m'mutu, mwendo umodzi uli kale panja. Madzulo ndinayesa ine kuwauza amama. Anandiyankha kuti ntchito imene munthu angachotsedwe chifukwa chothandiza anthu a Mulungu sanaimvepo, ndiponso kuti mwanayo amakhala tsiku lonse akuyendetsa kabasi, iwo amamuona ndi maso awo. Ndinaona kuti apa kulankhula sikuthandiza.

Nzeru inandibwerera ndikusita malaya a kasitomala. Kuseri kwa nyumba yathu kuli khola limene atate ankawetera nkhuku za mabuloila. Ndi la njerwa, la malata, ndipo muli waya wa magetsi ndi soketi chifukwa anapiye ankafuna nyale. Amama anasiya kupitako chiwonereni njoka pakhomo pake. Kumbuyo kwa kholalo kuli mpanda wa mitengo wokhala ndi kampata, ndipo kuseri kwake kumadutsa kanjira. Ndinamuuza Manasseh kuti ngati amama akufuna munthu wotuluka pageti, tiwapatse munthu wotuluka pageti. Anakana poyamba, ati ndi bodza. Ndinamufunsa ngati akufuna kudzakhala pabalaza zenizeni, wopanda ntchito, akukonza mafoni a mpingo wonse mpaka imvi. Masana amama atagona tinasesa kholalo, tinakolopa ndi sopo, tinalowetsa katebulo, ndipo mwamwayi netiweki inkagwiranso m'menemo. Fungo lokha linakana kuchoka.

M'mawa mwake Manasseh anasamba, anavala malaya ositidwa ndi nsapato zopolisha, anakoleka chikwama n'kuwauza amama kuti ofesi yatsegulidwa kwa anthu ochepa. Amama anamuikira mbatata m'kontena ndi tiyi mu fulasiki, anamupempherera ataima pakhomo, n'kumuuza kuti masiki asavule ngakhale atamva kutentha bwanji. Anatuluka pageti monyadira, anakhota pakona, anazungulira ndi kanjira kaja n'kulowa pampata chokwawa. Ine ndinali pakhonde ndikupalasa mashini mwamphamvu kuti chitseko cha khola chisamveke kulira.

Ndipo zinayenda! Alendo a mafoni ankafika monga mwa masiku onse, amama n'kuwauza ali chilili, mawu ali odzaza, kuti Manasseh wapita kuntchito. Anthu omwe aja amene sankamva zoti ali bize ankangoti oho, zikomo, n'kubwerera osadandaula. Masana ndinkanamizira kukataya zinyalala n'kukamusuzumira. Ndinkamupeza atadzifunda bulangete, akulankhula yekha, zala zikuthamanga. Anandiuza kuti zimene wachita masiku awiri m'kholamo sanazichite mwezi wonse pabalaza. Anthu anali atasiya kutulukira padenga, tsopano ankatulukira m'mawindo, ndipo iye anati kumeneko ndi kupita patsogolo. Ndinkayenda pabwalo ndikudzimva kuti pa Kamitondo ponse palibe wochenjera ngati ine.

Chimene sitinaganizire n'chakuti munthu wotuluka pageti amabweranso pageti, ndipo nthawi imeneyo wochokera m'tauni sankalowa m'nyumba chisawawa. Madzulo oyamba Manasseh atafika, akuyenda motopa monga tinapanganira, anapeza amama atamudikira ndi ndowa ya madzi a sopo. Anamusambitsa m'manja mpaka m'zigongono, zovala anamuuza kuti akavulire kubafa n'kuziviika pomwepo. Kenako panabwera mphika. Munali masamba a bulugamu, a mango, mandimu ndi jinja, zonse zitabwata bwino. Anamugwaditsa, anamufunditsa bulangete lalikulu la atate, iwo n'kukhala pambali atagwira m'mphepete kuti nthunzi isathawe. Munthu amene anaswera kuseri kwa nyumba anafukizidwa mpaka kupempha chifundo.

Anatuluka m'menemo maso ali psu, thukuta lili kamukamu, akundiyang'ana ngati ndine ndakoleza motowo. Amama anatola malaya ake n'kuwanunkhiza. Anati mabasi a masiku ano anyanya, anthu akukwera ndi nkhuku ngati ali kumudzi, ndiye matenda alekerenji kufala. Ine ndinathawira kuchimbudzi, ndinaseka mpaka nthiti kuwawa. Madzulo aliwonse zinali zomwezo, ndipo tsiku lililonse amama ankawonjezera tsamba latsopano limene auzidwa pagulu la Chigwirizano.

Koma patapita masiku kuseka kwanga kunayamba kuchepa. Amama anasiya kuimba posesa. Chakudya ankangochitola pang'ono n'kukankha mbale, pamene ndi munthu wa shuga ndi BP wofunika kudya pa nthawi yake. Dzuwa likangopendeka ankapita kukaima pageti, manja ali kumbuyo, akuyang'ana kumene mabasi amatsitsira anthu. Sabata imeneyo tinamva kuti mkulu wina wa mpingo, yemwe uja wa foni yodzaza ndi maluwa, wamwalira ndi matendawa kuchipatala. Amama atamva anakhala pansi pakhonde, sanalire mokweza, anangofunsa kuti kodi m'basi anthu amakhala angati masiku ano. Zinandipweteka mumtima, sindinama. Ndinadziuza kuti tipirire, Lachisanu lili pafupi.

Lachinayi m'mawa Manasseh anatsokomola. Linali fumbi la m'khola, ine ndinkadziwa, iyenso ankadziwa. Amama anaimitsa supuni m'malere. Anamupempha kuti lero asapite, iye anati sizingatheke, mawa ndi tsiku lomaliza, n'kutuluka mothamanga asanamugwire. Atangokhota pakona, amama analowa m'nyumba, anatuluka atamanga chitenje chatsopano ngati akupita kumsonkhano, anakhala pampando pafupi ndi mashini anga n'kutulutsa foni. Nambala ya Gwen anali nayo kuyambira nthawi imene Manasseh anaberedwa foni n'kumagwiritsa ntchito yawo. Amama saika foni kukhutu, amaitsegula mawu n'kuigwira patsogolo ngati mbale. Pamene ndinkazindikira amene akumuimbira, n'kuti atayankha kale.

Anayamba mwaulemu, kudzitchula dzina, kufunsa za ku Ndola ndi za makolo. Gwen ndi mwana wa anthu ochokera ku Malawi, Chinyanja amachimva bwino, ndipo anayankha mwaulemu nayenso. Kenako mawu a amama anasintha.

"Mwana wanga, ine mwana wamwamuna ndili naye mmodzi yekha. Anthu onse akugwirira ntchito m'nyumba zawo, inu mukumukweza mabasi tsiku ndi tsiku. Lero wayamba kutsokomola. Akandifera, mudzandipatsa wina?"

Ine ndinkapalasa mashini opanda nsalu.

"Amama," anatero Gwen pang'onopang'ono, "ofesi tinatseka kalekale, makiyi tinabweza kwa eni nyumba. Manasseh ali kwanu konko. Ndimalankhula naye pa vidiyo tsiku lililonse. Kumbuyo kwake kumaoneka malata ndi chomwera nkhuku chopachika."

Amama anatembenuka n'kundiyang'ana. Sindinaonepo ulusi wofunika kuuyang'anitsitsa ngati umene unali pa singano yanga nthawi imeneyo. Anabwerera ku foni n'kufunsa ngati zili zoona kuti mwanayo achotsedwa ntchito. Gwen sanabise. Anati ndi zoona, mawa pa sikisitini awazi, ndipo si nkhanza, koma pali anthu ena awiri ndi mabanja awo amene akudikira mbali ya Manasseh kuti gemu ituluke, adye. Anati mnyamatayo ndi waluso kuposa onse, koma chiyambire kugwirira kunyumba, ukamuimbira umamva kuti waperekeza alendo. Amama anathokoza, anadula foni n'kudzuka.

Za njoka anaziiwala tsiku limenelo. Anadutsa m'udzu ndi masilipasi, ine ndili pambuyo ndikuyesa kufotokoza, iwo osanditembenukira n'komwe. Anakankha chitseko cha khola. Manasseh anali atatipatsa msana, mahedifoni ali kumutu, bulangete lili m'mapewa pamwamba pa malaya ositidwa aja, nsapato zopolisha ataziika bwinobwino pa njerwa. Sanatimve. Ndinkayembekeza kuti amama akuwa, koma anangoima. Pagalasi panalibe kabasi, panali mizere ya timalemba tambirimbiri, ndipo iye ankailondola ndi chala, milomo ikugwedera, kenako kulemba, kufufuta, kulembanso. Mbatata zinali pambali zosatsegula. Amama anamuyang'ana nthawi yaitali ndithu, mpaka iye anamva mphepo ya pachitseko n'kutembenuka.

Anadzuka mothamanga mpaka waya wa mahedifoni unamukoka khosi. Amama analankhula motsitsa.

"Ine ndakhala ndikufa tsiku lililonse pageti paja, iwe uli kuseri kwa nyumba yanga."

"Ndinakuuzani, amama, kuti pabalaza paja ndimakhala ndili pantchito."

"Unandiuza ukuseka. Ndikanadziwa bwanji?"

Misozi inatsika, anaipukuta ndi nsonga ya chitenje, kenako anatembenukira kwa ine. Zimene ndinauzidwa sindingazibwereze zonse. Anati Manasseh yekha sangaganize chinthu chokhota chonchi, mutu wa nkhaniyi ndi ine, mayi wamkulu wa ndevu za m'mimba amene ndinaima n'kumaonerera iwo akuwononga makala kufukiza munthu wabwinobwino. Ndinafuna kuyankha kuti nzeruyo inali yabwino, inangokhala ndi kabowo kamodzi, koma ndinaona kuti si tsiku lake. Amama atachoka, Manasseh anafuna kuwatsatira kuti akagwade. Ndinamukankhira pampando n'kumuuza kuti kugwada kulipo mpaka Khirisimasi, koma Lachisanu ndi mawa. Tsiku lonselo amama sanatilankhule, ndipo chakudya chamadzulo tinadya ngati tili pamaliro a munthu wosamudziwa.

Lachisanu m'mawa Manasseh anatuluka kuchipinda atasokonezeka, malaya ositidwa pamwamba, kabudula pansi, osadziwa kuti lero akuyenera kukhala munthu uti. Amama anamuuza kuti abwerere kukhola komweko poti ndi kumene mutu wake ukugwira, koma adzere khomo la kukhitchini ngati mwana wa pakhomo, asakwawenso m'mipanda ngati wakuba. Anamupatsa fulasiki. Kenako ananyamula kampando kawo, anakakaika pageti penipeni, mkati, n'kukhala atapinda manja.

Amayi awiri a Chigwirizano amene anabwera m'mawa anabwezedwa mosavuta, sanafike n'potulutsa mafoni. Mnyamata wogulitsa tomato anauzidwa kuti azikuwira kutsidya la msewu. Ngakhale ine anandiletsa mashini, ati phokoso likufika kukhola, choncho ndinakhala tsiku lonse ndikusokerera mabatani pamanja. Nthawi ndi nthawi ndinkapita kukasuzumira. Masana basi inali itayamba kudutsa m'matope ndi anthu onse ali mkati, koma ikangotuluka inkayenda chammbuyo kubwerera ku Kitwe. Manasseh sanandiyang'ane n'komwe, anangondikupiza ndi dzanja kuti ndichoke.

Itadutsa fifitini awazi, ndinaona munthu akubwera chapansi, atavala jekete lakuda ndi kolala yoyera. Anali abusa athu. Muyenera kudziwa kuti m'nyumba mwathu muli kapu ya abusa, imene sitimwera ngakhale makapu onse atasweka. Amama akamawapatsa moni amagwada, mawondo awo opwetekawo. Chibadwire ine sindinawamvepo akunena kuti ayi kwa mbusa aliyense, ngakhale uja ankalalikira mpaka anthu kukomoka ndi njala.

Amama anagwada pomwepo pageti, koma geti sanatsegule. Abusa anafunsa za moyo, anapepesa za maliro a mkulu uja, kenako anatulutsa foni. Anati ajambula uthenga wolimbikitsa mpingo woti upite pagulu madzulo omwewo, koma ukukana kutumizika, ukungozungulira. Anawonjezera kuti a Dora, oyandikana nafe, awauza kuti mnyamata amaoneka pakhomo masiku ano, cha kumpanda wa kumbuyo. A Dora amenewo tidzaonana nawo tsiku lina.

Amama sakanatha kuwanamiza abusa, ndinkadziwa. Ndinayamba kale kuwerenga m'mutu mmene zithere: mpando pansi pa mapeyala, kapu ija, za kunyumba, za kumudzi, pemphero, kuperekeza. Sikisitini awazi ikanawapeza ali pakona.

"Alipo, abusa," anatero amama. "Koma ali pantchito."

Abusa anaseka pang'ono n'kunena kuti ndi kanthu kakang'ono, mwanayo akangokhudza kamodzi zitheka.

"Pepani, abusa. Inu mukakhala pa guwa sitikuitanani, ngakhale nkhani ikhale yaing'ono bwanji. Nayenso lero sindimuitana."

Ine singano inandibaya chala. Abusa anayang'ana amama pamwamba pa magalasi awo. Sindikudziwa ngati anakhumudwa, masiki inabisa pakamwa. Anabweza foni m'thumba, anati amva, Mulungu adalitse ntchito ya manja a mnyamatayo, n'kutembenuka. Anayamba kukwera msewu pang'onopang'ono monga amayendera, akuima pageti lililonse kupereka moni.

Amama anadzuka movutikira n'kukhalanso pakampando. Anandiitana ndi mutu, nditafika pafupi anandifunsa monong'ona ngati achimwa. Ndinati ine ndine telala, za machimo akafunse omwe awabwezawo. Sanaseke. Ndinakhala pansi pambali pawo n'kuwagwira dzanja, linali lozizira. Ndinawakonda kwambiri amama nthawi imeneyo, kuposa mmene ndingafotokozere, ngakhale anali asanandikhululukire. Tinakhala choncho tonse awiri, makutu ali kuseri kwa nyumba, maso ali pa foni yanga imene inkaonetsa nthawi.

Chitseko cha khola chinalira. Manasseh anatulukira pakona ya nyumba atavala masokosi okha kumapazi, bulangete likukwekwereka, foni ataikweza m'mwamba. Munkamveka mawu a Gwen akuseka, akulankhula Chibemba ndi Chinyanja nthawi imodzi. Ankati walandira, waiyesa yekha, basi yalowa ku Mushili, yadutsa matope onse n'kukafika ndi anthu ake ali pamipando, kondakitala ali pakhomo. Ankati apudeti ituluka mawa, ndipo Lolemba Manasseh ayambe za msewu wina. Ine ndinalumpha n'kuliza nthungululu mpaka agalu a kwa a Dora anauwa.

Amama sanadzuke. Anamuyang'ana mwana wawo kuyambira kumutu mpaka kumasokosi odzaza ndi zitosi zouma.

"Ntchito ilipo?"

"Ilipo, amama."

"Watsiriza zonse?"

"Zonse."

Anapumira m'mwamba, mapewa n'kugwa. Kenako anasuzumira kumsewu. Jekete lakuda linkaonekabe chapatali, litaima pageti lina pafupi ndi pokwerera mabasi.

"Ndiye ukuimiranji? Thamangira abusa, uthenga wa mpingo sunapite."

Manasseh anaponya bulangete m'manja mwanga, anatsegula geti n'kuliyatsa liwiro ndi masokosi omwewo, akukuwa kuti abusa, abusa, dikirani. Amama anamuyang'ana mpaka anawapeza. Pamenepo m'pamene anayamba kuseka, misozi ikutsika, n'kundiuza kuti ndiwagwire mkono polowa m'nyumba.